Mipando ya kuthambo ili pamalonda: nanga Machinga ndi Balaka apezapo chiyani?

Pa 22 Januwale 1981, mvula ili pakati, m'boma la Machinga mudagwa mwala kuchokera kumwamba. Sudali mwala wamasewera. Atauyika pasikelo adapeza kuti ukulemera makilogalamu 93. Akatswiri adaufufuza n'kuulemba m'kaundula wa dziko lonse wa miyala yogwa kuchokera mumlengalenga, ndipo mpaka lero dzina lake m'kaundulamo ndi Machinga.

Chaka chomwecho, mu Epulo, dziko la America lidaulutsa koyamba chombo chake cha Columbia. Masiku amenewo mayiko awiri okha, America ndi Soviet Union, ndiwo adali ndi zombo zonyamula anthu kupita kuthambo, ndipo wokwera ankachita kusankhidwa ndi boma. Ambiri adali asilikali oyendetsa ndege zankhondo kapena asayansi. Munthu ngakhale akhale mpondamatiki wotani, tikiti kudalibe koigula.

Lero zinthu zidatembenuka. Makampani akumanga zombo zawozawo, akugulitsa mipando, ndipo ena ayamba kale kumanga nyumba zoti zikayandame mumlengalenga. Mukaiyamba nkhaniyi pa Ntaja, pa Ulongwe kapena pa Phalula, yankho silichedwa: za azungu izo, ife tikufuna feteleza. Yankho limeneli ndi lomveka, ndipo wanzeru sangalinyoze m'maboma amene ng'amba imawotcha chimanga chisanamasule chaka ndi chaka. Koma ine ndikuti nkhaniyi ikutikhudza, ndipo ikutikhudzira m'munda momwemo.

Khomo lidatsegukira ku Russia

Oyamba kugulitsa mpando sadali a ku America ayi. Soviet Union itagwa mu 1991, bungwe la Russia loona za mumlengalenga lidasowa ndalama, ndipo lidaona kuti mpando wachitatu wa m'chombo cha Soyuz ungathe kubweretsa kangachepe. Mu Epulo 2001, Dennis Tito, munthu wamalonda wa ku California, adalipira ndalama pafupifupi $20 miliyoni n'kukakhala masiku angapo pa siteshoni ya mayiko ya mumlengalenga, ija amaitchula mwachidule kuti ISS. Akuluakulu a NASA, bungwe la America loona za mumlengalenga, sadasangalale nazo, ankati siteshoniyo si malo ochezerako alendo. Koma khomo lidali litatseguka.

Wachiwiri kulowa pakhomopo adali mnansi wathu. Mark Shuttleworth, wobadwira ku Welkom m'dziko la South Africa, adalemera mu 1999 atagulitsa kampani yake ya zapaintaneti, Thawte. Adapita ku Star City pafupi ndi Moscow komwe adakhala miyezi yambiri akuphunzira Chirasha ndi kayendetsedwe ka chombo, ndipo pa 25 Epulo 2002 adanyamuka ku Baikonur ali ndi zaka 28. Chimene chimandikopa pa ulendo wake n'chakuti sadapite chimanjamanja. Adanyamula ntchito za kafukufuku zokonzedwa ndi asayansi a kwawo, zina zokhudza kachilombo ka HIV, adayankhula ndi Nelson Mandela ali kumwambako, ndipo atabwerako adayendera sukulu zambiri kulimbikitsa ana kukonda masamu ndi sayansi. Mu 2006 Anousheh Ansari, mayi wobadwira ku Iran, naye adadzilipirira ulendo, ndipo ndiye adakhala mayi woyamba wachisilamu kufika mumlengalenga. Pofika 2009 anthu asanu ndi awiri adali atayenda motere.

Kusintha kwenikweni kudadza America itapumitsa zombo zake zakale mu 2011. Kwa zaka zisanu ndi zinayi dziko lolemera chonchija lidalibe chombo chonyamula anthu, ndipo linkagula mipando kwa Russia pa mtengo umene udakwera mpaka kuyandikira $90 miliyoni mpando umodzi. Apa NASA idachita zimene amachita munthu wotopa ndi galimoto yodya ndalama ku galaja: idaleka kukhala ndi yakeyake n'kuyamba kukwera matola. Mu 2014 idapereka makontirakiti kwa makampani awiri, Boeing $4.2 biliyoni ndi SpaceX $2.6 biliyoni, kuti amange zombo, zikhale zawo, NASA izingolipira mipando. Pa 30 Meyi 2020 chombo cha SpaceX chotchedwa Dragon chidanyamula Bob Behnken ndi Doug Hurley kupita ku ISS. Popeza chombocho n'cha kampani, mwini wake ali ndi ufulu wogulitsanso mipando kwa wina aliyense amene ali ndi ndalama.

Ogula sadachedwe. Mu Seputembala 2021 Jared Isaacman adalipira chombo chonse n'kutenga anthu atatu, ulendo umene adautcha Inspiration4. Adazungulira dziko masiku atatu popanda ndi mmodzi yemwe wolembedwa ntchito ndi boma ngati katswiri wa maulendo a kuthambo. Mmodzi mwa iwo, Hayley Arceneaux, wa zaka 29, adali wogwira ntchito pachipatala cha ana odwala khansa cha St. Jude, chomwe iyenso adachiritsidwirako khansa ya m'mafupa ali mwana. Mu Seputembala 2024 Isaacman yemweyo adakwera mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400, ndipo iye ndi Sarah Gillis adatulutsa matupi awo kunja kwa chombo, chinthu chimene kale ankachita ndi anthu a boma okha.

Koma kampani imene tiyenera kuiyang'anitsitsa ndi Axiom Space ya ku Houston. Ulendo wake woyamba wopita ku ISS, mu Epulo 2022, udanyamula makhumutcha atatu amene zidamveka kuti aliyense adalipira $55 miliyoni. Pa mtengo wa ku banki wa K1,750 pa dola, imeneyo ndi ndalama yoposa K96 biliyoni mpando umodzi. Kuyambira ulendo wachiwiri ogula adasintha nkhope. Mu 2023 boma la Saudi Arabia lidagulira mipando Rayyanah Barnawi ndi Ali AlQarni. Mu Januwale 2024 dziko la Turkey lidatumiza munthu wake woyamba, Alper Gezeravcı. Mu Juni 2025 India, Poland ndi Hungary adatumiza anthu awo, onse atatu patatha zaka zoposa 40 chitumizireni munthu wawo woyamba. Tsono kasitomala wamkulu wa malondawa salinso munthu wofuna kukaona dziko ali pamwamba. Ndi maboma amene alibe chombo chonyamula anthu koma ali ndi asayansi ndi mafunso oti akayankhidwe kumeneko.

Pali maulendo enanso amene amamveka kwambiri pa wailesi ndi pa Facebook koma ndi aafupi. Chombo cha Blue Origin, kampani ya Jeff Bezos, chimakwera mowongoka kupitirira pang'ono makilomita 100 n'kubwerera pansi, zonse m'mphindi 11. Mtunda umenewu ndi wochepa poyerekeza ndi msewu wochoka ku Liwonde kukafika ku Blantyre. Woimba Katy Perry adakwera chimenechi mu Epulo 2025. Sara Sabry wa ku Egypt adakweranso chomwechi mu Ogasiti 2022, ndipo ndiye mayi woyamba wa mu Africa kufika kumeneko. Kuzungulira dziko ndi nkhani ina: pamafunika liwiro la makilomita 28,000 pa ola, n'chifukwa chake mtengo wake uli kutalitali.

Malonda ali ndi misozi yake. Mandla Maseko, mnyamata wa m'makomboni a pafupi ndi Pretoria, adapambana mpikisano mu 2013 woti adzakwere chombo cha kampani ya XCOR. Africa yonse idamuyembekezera ngati munthu wakuda woyamba wa kuno kukafika kuthambo. Kampaniyo idagwa mu 2017 chombo chisanauluke n'kamodzi komwe, ndipo Maseko adamwalira pa ngozi ya njinga yamoto mu Julayi 2019 ali ndi zaka 30. Mu 2014 chombo cha Virgin Galactic chidasweka pochiyesa, woyendetsa mmodzi n'kufa. Ngakhale Boeing, kampani yakalekale, idachita manyazi mu 2024: Butch Wilmore ndi Suni Williams adapita ndi chombo chake poganiza kuti akakhala sabata imodzi, koma chombocho chidavuta, ndipo adabwerako mu Malichi 2025 pa chombo cha SpaceX. Ndikamaganiza za Maseko ndimakumbukiranso Edward Makuka Nkoloso, mphunzitsi wa sayansi amene mu 1964 adasonkhanitsa achinyamata pafupi ndi Lusaka n'kumawaphunzitsa zokonzekera ulendo wa kumwezi. Atolankhani akunja adamuseka kwambiri. Adalibe ndalama, adalibe zida, koma funso lake lakuti mwana wa mu Africa alekerenji kulota zimenezi lidali loyenera, ndipo likadali loyenera.

Kumene nkhaniyi imatsikira m'munda

Dziko la Malawi lisagule mpando. Ndikunena mosapsatira. Boma limene lingatenge K96 biliyoni kukakweza munthu mmodzi pamene ana a ku Nayuchi akuphunzirira pansi pa mtengo lingakhale litalakwira anthu ake. Phindu lathu lili pena.

Roketi imene imanyamula anthu olemera aja, Falcon 9, ndi yomweyo imanyamula masetilaiti. Mu Disembala 2015 SpaceX idakwanitsa kubweza gawo loyamba la roketiyi n'kulitereza choimirira, ndipo lero gawo limodzi limauluka kambirimbiri m'malo motayika m'nyanja ulendo uliwonse. Kafukufuku wa katswiri wina wa ku NASA adaonetsa kuti kukweza kilogalamu imodzi ndi zombo zakale za America kunkadya madola oposa 54,000, pamene ndi Falcon 9 n'kosakwana madola 3,000. Kutsika mtengo kumeneku ndiko kwadzaza thambo ndi masetilaiti, ndipo masetilaitiwo ndi amene afika kale kwathu kuno.

Anthu a ku Balaka amadziwa zimenezi kuposa a mumzinda, ngakhale sazitchula ndi mayina amenewa. Cha m'ma 2015 bungwe la World Food Programme lidasankha boma la Balaka kukhala loyamba m'Malawi muno kuyesa inshulansi ya mbewu yoyendera mvula. Mlimi wosowa ndalama ankalipira ndi thukuta, pogwira ntchito zosamalira nthaka ndi madzi m'mudzi mwake. Mvula ikaperewera, chipukutamisozi chinkabwera popanda munthu kudzayendera munda uliwonse. Woyeza mvulayo adali setilaiti. Imayang'ana mitambo ili pamwamba, imayeza kuzizira kwa nsonga zake, ndipo popeza mitambo yaitali ndi yozizira kwambiri ndiyo imagwetsa mvula, kompyuta imawerengera kuchuluka kwa mvula imene yagwa dera lililonse. Njirayi ndi yotchipa komanso yachangu. Koma setilaiti siona kuti mvula idagwa tsidya lino la mtsinje wa Rivirivi n'kulumpha tsidya linalo, ndipo apa ndi pamene pamafunika munthu wodziwa dera.

Dziko lonse lidaphunzira zimenezi mowawa mu 2016. Boma lidali litagula inshulansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity, n'kulipira ndalama zoyandikira $5 miliyoni. Chilala chidabwera choopsa, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza mu Epulo kuti dziko lili pa ngozi, anthu oposa 6 miliyoni adafunika thandizo la chakudya. Koma makina a bungwelo, atawerenga mvula ya pa setilaiti, adati anthu ovutika ndi ochepa kwambiri, kotero palibe cholipira. Zidatengera ofufuza kupita m'midzi kuti chilema chioneke: makinawo adauzidwa kuti alimi amabzala chimanga chochedwa kucha, pamene ambiri adali atabzala chocha msanga, chimene ng'amba idachipeza pa nthawi yoipitsitsa. Atakonza, bungwelo lidalipira $8.1 miliyoni mu Januwale 2017, njala itapweteka kale anthu. Setilaiti sidaname. Chidasowa ndi munthu wodziwa zonse ziwiri, nambala za kumwamba ndi mbewu za m'munda, woti akhale patebulo nthawi yosainirana. Safunsa adadya phula.

Zitsanzo zina zili ponseponse m'maboma awiriwa. Namondwe Freddy, amene adasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023 ndipo Machinga ndi Balaka sadawasiye, adayambira kufupi ndi Australia n'kukhala masiku 36 ali moyo. Masetilaiti adamuona njira yonse akuwoloka nyanja ya Indian. Chenjezo lidalipo, chimene chidavuta n'kulisandutsa uthenga woti mfumu ya m'mbali mwa phiri iumve ndi kusamutsa anthu ake. Nyanja ya Chilwa, imene asodzi a kwa Mposa amadalira pa matemba, idauma mu 1995 ndipo idaphweranso kwambiri mu 2012 ndi 2018. Zithunzi za masetilaiti a Landsat zojambulidwa kuyambira 1972 zikuonetsa kufota ndi kudzadza kwake, komanso kutha kwa mitengo m'mapiri a Chikala ndi Malosa kumene mitsinje ina imachokera, ndipo kuyambira 2008 zithunzizi n'zaulere kwa aliyense. Ku nkhalango ya Liwonde, imene African Parks idayamba kuyendetsa mu 2015, njovu ndi nyama zina zimavekedwa makolala odalira masetilaiti kuti alonda adziwe pamene zili. Ndipo kuyambira mu Julayi 2023 intaneti ya Starlink, ya SpaceX yomweyo, ikugwira m'Malawi muno. Mtengo wa zida zake ndi wosafikirika kwa banja wamba, koma kwa sukulu kapena chipatala cha kumudzi komwe netiweki ya foni imachita kusakidwa pachulu, ndi njira yeniyeni. Chodetsa nkhawa n'chakuti chingwe chofunika chotere chili m'manja mwa kampani imodzi yakunja, ndipo MACRA, yoyang'anira ntchito za mafoni ndi intaneti m'dziko muno, iyenera kukhala ndi anthu odziwa kukambirana nayo maso ndi maso.

Tisaiwalenso Kangankunde. Phiri limeneli la ku Balaka lili ndi miyala ya mtengo wapatali imene kampani ya Lindian Resources ya ku Australia ikukonza zokumba. Kuchokera m'miyalayi mumatuluka zitsulo zopangira maginito amphamvu amene amalowa m'magalimoto a magetsi, m'makina opukusa magetsi ndi mphepo, ngakhalenso m'timakina ta m'masetilaiti. Zingatheke ndithu kuti dothi la ku Balaka lidzazungulire dziko lapansi mwana wa ku Balaka asanaonepo labotale yokhala ndi zida zokwanira. Zikadzatero, tisadzati ndi tsoka.

Chaka cha 2030 chili pafupi

Chimene chikundifulumizitsa kulemba n'chakuti ISS yakalamba. Pakhala anthu mosadukiza kuyambira Novembala 2000, ndipo dongosolo la NASA ndi lakuti ipume cha m'ma 2030. Mu Juni 2024 SpaceX idapatsidwa kontirakiti ya ndalama zofika $843 miliyoni yomanga chombo chodzaikankhira pansi kuti idzagwere m'nyanja kutali ndi anthu. M'malo mwake America sikufuna kumanganso siteshoni ya boma. Ikufuna kudzachita lendi m'masiteshoni a makampani monga Axiom, Vast ndi Starlab.

Kwa mayiko osauka kusinthaku n'kwakukulu, chifukwa ISS yakhala khomo lathu. Kudzera m'ndondomeko ya KiboCUBE, imene United Nations ndi bungwe la Japan la JAXA adayambitsa mu 2015, mayiko ongoyamba kumene amapikisana, ndipo wopambana amamuponyera kasetilaiti kake kuchokera pa ISS osalipira ulendo. Kasetilaiti kotere n'kakang'ono, masentimita 10 mbali iliyonse, kolemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Kenya idadzera pamenepa mu 2018 ndi kasetilaiti ka University of Nairobi, Mauritius n'kutsatira mu 2021. Zimbabwe ndi Uganda adatumiza mainjiniya awo achinyamata ku Kyushu Institute of Technology ku Japan, ndipo masetilaiti awo oyamba adakwera mu Novembala 2022 kudzera pa ISS pomwepo. Botswana idasankha njira ya malonda: setilaiti yake yoyamba idakwera ndi roketi ya SpaceX mu Malichi 2025. Mwezi wotsatira bungwe la African Space Agency lidatsegulidwa ku Cairo.

Kasetilaiti ka kilogalamu imodzi sikangathetse njala, ndipo amene anganene choncho akunama. Phindu lake ndi anthu amene amakamanga. Mnyamata kapena mtsikana amene wamanga chida choti chipirire kutentha ndi kuzizira kwa mumlengalenga, wachiyankhulitsa pa wailesi, wawerenga zimene chatumiza, ameneyo ndiye adzakhale patebulo tsiku limene dziko likugula inshulansi ya chilala kapena likukambirana ndi Starlink. Siteshoni ya maboma idali ndi chifukwa chochitira ulere, popeza pangano la mayiko la 1967 limati ntchito za mumlengalenga zizipindulira mayiko onse, olemera ndi osauka omwe. Siteshoni ya kampani idzayamba yayang'ana buku la ndalama. Mwina makampaniwo adzasiyako kampata, koma palibe lamulo lowakakamiza.

Poyambira tili napo. Mu 2017 ku Kasungu kudatsegulidwa malo oyesera madroni pa ntchito zothandiza anthu, ndipo mu Januwale 2020 UNICEF idatsegula African Drone and Data Academy ku Lilongwe, mogwirizana ndi Malawi University of Science and Technology. Achinyamata amene aphunzira kumeneko amadziwa kale kuwerenga zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba. Kuchoka pa droni kufika pa setilaiti si mtunda wautali. Chikusoweka ndi ndalama zochepa koma zokhazikika, ndi maofesi a zaulimi, a zanyengo ndi a zangozi m'maboma olemba ntchito anthu otere n'kuwapatsa kompyuta ndi intaneti. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 735,000 m'boma la Machinga ndi oposa 438,000 m'boma la Balaka. Pa anthu ochuluka chonchi, ambiri mwa iwo ana, sipangalephere kupezeka mitu yogwira masamu. Imathera panjira, ena ku ukwati wa ubwana, ena pa kabaza, ena pa ulendo wa ku Joni.

Aphunzitsi, makamaka inu amene mukuphunzira ku Machinga TTC, pali phunziro limodzi losafuna labotale. ISS imazungulira dziko pa mphindi 90 zilizonse, pa mtunda wa makilomita 400, ndipo imadutsa pamwamba pa Malawi. Masiku ena dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha imaoneka ndi maso: kadontho kowala kwambiri, kosaphethira ngati ndege, kodutsa thambo m'mphindi zochepa. Pulogalamu ya pafoni ya NASA yotchedwa Spot the Station ndi yaulere ndipo imanena tsiku ndi nthawi. Kuno anthu adazolowera kale kuyang'ana kumadzulo pofuna kuona mwezi wa Ramadan ndi wa Eid, ndipo kumidzi kulibe magetsi ambiri ophimba nyenyezi. Tulutsani ana panja, muwauze kuti m'kadonthomo muli anthu, kenaka muwapatse samu: ngati chinthucho chikuyenda makilomita 28,000 pa ola, chitenga masekondi angati kuchoka pamwamba pa Balaka kufika pamwamba pa Nayuchi?

Ndipo inu aphungu a Machinga ndi Balaka, nkhani ya Kangankunde ikamakambidwa ku Nyumba ya Malamulo, funsani kuti pa ndalama za mgodiwo ndi zingati zidzamange malabotale m'sukulu za sekondale za maboma awiriwa, ndi zingati zidzatumize ana athu kukaphunzira uinjiniya wa masetilaiti. Funsaninso unduna woona za maphunziro ndi sayansi ngati mayunivesite athu akonzeka kupikisana nawo pa KiboCUBE siteshoni ija isanatsitsidwe. Zaka zatsala n'zowerengeka, ndipo kuphunzitsa injiniya mmodzi kumatenga zaka zisanu.